Lachiwiri kwathu akuvota: mavoti a Chilima apita kwa ndani?

Bambo Phiri (Mbare): Moni nonse abale, Amalawi anzanga a kuno ku Harare. Ndikudziwa kuti gulu lino tinalitsegulira mauthenga a maliro ndi zopereka za sosaiti yathu, koma lero Loweruka palibe uthenga wa zovuta, tiyamike Mulungu. Ndiye ndati ndibweretse poyera zimene takhala tikunong'onezana tikakumana ku Musika. Lachiwiri likudzali, pa 16 September 2025, kwathu ku Malawi akuvota. Anthu 17 ali pa pepala la pulezidenti. Atenge ndani? Ndiyambe ine kuti musati ndikubisala. A Chakwera apambana. Kapena sizitheka ulendo woyamba, koma apambana. Boma la Lilongwe lokha lili ndi anthu olembetsa opitirira miliyoni. Onjezani Dowa, Ntchisi, Kasungu, Mchinji, Dedza. Kumeneko mwana amabadwa akudziwa kale tambala wakuda.

Mbewe (Highfield): Bambo Phiri, ulemu wanu ulipo, koma apa mwaphonya. Mu 2020 a Chakwera sanapambane okha. Anali ndi a Chilima, mayi Joyce Banda, a Chihana, zipani 9 pamodzi. Tonse ija lero ili kuti? A Chilima tinawaika ku Nsipe chaka chatha, UTM inatuluka, mayi Joyce Banda aima paokha, AFORD ikuyenda ndi DPP. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu musawerengeko n'komwe, kumeneko n'kwa Adadi, a Peter Mutharika a DPP.

Bambo Phiri (Mbare): Maboma anayi amenewo sangafike pa Lilongwe ndi Kasungu, achimwene.

Mbewe (Highfield): Nanga Blantyre? Zomba? Chikwawa ndi Nsanje, poti a Sidik Mia anatisiya mu 2021, ndani akuwakokera a MCP kumeneko?

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Pepani akuluakulu, ndilowerereko ndi manambala tisanayambe kukwezerana mawu. Pa kalembera wa anthu wa 2018, Malawi inali ndi anthu 17.5 miliyoni. Kummwera kunali pafupifupi anthu 44 pa 100 alionse, pakati 43, kumpoto 13. Ndiye kuti kummwera ndi pakati n'chimodzimodzi, palibe amene angameze mnzake.

Kale zinkatheka kulowa m'boma ndi chigawo chako chokha. Mu 2014 a Mutharika anapambana ndi 36 peresenti basi. Mu 2019 anapeza 38.6, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2. Kenako khoti linathetsa chisankhocho pa 3 February 2020, n'kunenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Pa chisankho chobwereza cha 23 June 2020 a Chakwera anapeza 59, a Mutharika pafupifupi 40.

Taonani bwino pamenepo. A Mutharika sanasunthe kwenikweni, 38 kufika 40, chikhalirecho anali atatenga a Atupele Muluzi kukhala wachiwiri wawo. A Chakwera ndi amene analumpha kuchoka pa 35 kufika 59, ndipo chowalumphitsa tonse tikuchidziwa. Mavoti a Chilima a mu 2019 anali opitirira pang'ono miliyoni imodzi. Funso langa n'limodzi: miliyoni imeneyo Lachiwiri ipita kwa ndani? Amene ayankhe funso limeneli wayankha chisankho chonse.

Tadala (Avondale): Ikhala ku UTM komweko, aphunzitsi. Amene anavotera a Chilima anali achinyamata a m'tauni, anthu a ku Ntcheu ndi akumpoto. Sankavotera mtundu, ankafuna zinthu zisinthe. A Kabambe, amene akuimira UTM, anakhalapo gavanala wa Reserve Bank, chuma amachidziwa, ndipo wachiwiri wawo a Matthews Mtumbuka ndi akumpoto. Anzanga onse amene ndimacheza nawo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu akuti UTM. Mukaona pa Facebook mudzavomereza.

Mbewe (Highfield): Facebook siivota, mlongo wanga.

Tadala (Avondale): Koma achinyamata ndi amene achuluka m'dziko muja. A Mutharika a zaka 85 ndi a Chakwera a zaka 70 akulimbirana kulamulira dziko limene anthu ake ambiri sanafike zaka 20. Inu mukuona kuti zili bwino zimenezo?

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Kuwawa kwake ndikukumva, Tadala, koma ambiri mwa ana amenewo sanafike zaka 18, ndipo mwa amene anafika, si onse analembetsa. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalembetsa anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Mu 2019 anali 6.8 miliyoni. Zaka 6 zapita, ana ambirimbiri akula, koma kaundula wakwera pang'ono chabe. Ndiye kuti alipo ambiri amene anangokhala osapita kukalembetsa, ndipo ine ndikukayika ngati anali agogo. Chinanso, anthu ankatsata Chilima mwini wake, mawu ake aja, osaopa, osatopa, osafooka. Chikondi chotere sichisamuka ngati katundu wamasiye.

Mayi a Chikondi (Mufakose): Ndakhala ndikuwerenga chete, koma tsopano ndilankhule, poti mwa ife tonse ndine ndimapita kumudzi mwezi ndi mwezi ndi geni yanga ya zitenje. Inu abambo mukuwerenga zigawo ndi mitundu. Palibe amene watchula amayi. Pa anthu olembetsa, 57 pa 100 alionse ndi amayi, ndipo ambiri a iwo ali kumudzi, foni ya intaneti alibe, misonkhano amapitako chifukwa cha kuvina ndi chitenje, koma zimene zili mumtima sauza munthu.

Mwezi wathawu ndinagona masiku atatu kwa apongozi anga kufupi ndi Mponela. Mayi amenewa chitenje cha MCP anayamba kuvala nthawi ya Kamuzu, anavinapo pa mbumba ali mtsikana. Madzulo ena ndinawaona akupima ufa wa nsima ndi kambale kakang'ono ka ndiwo, kawiri basi, pa banja la anthu 7. Nkhokwe ili gwa kuseri kwa nyumba koma mkati mulibe kanthu, nkhuku ndi zimene zikuikiramo mazira. Ndinawafunsa kuti munda wonse uja unatani. Akuti analima wopanda feteleza, dzina lawo silinatuluke pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo, ndipo wa m'sitolo akuti wadutsa K100,000 kalekale. Anandikumbutsa okha, osati ine, kuti mu 2020 anagula thumba pa K4,495.

Ndiye ndinati, amayi, Lachiwiri lija muvotera ndani? Anakhala chete nthawi yaitali akusonkhezera moto. Kenako anati, "Dzanja langa silingachonge pa chimanga cha DPP, mwanawe. Koma mwendo wanganso sukufuna kupita." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Bambo Phiri, chigawo chapakati chimene mukuwerengeracho ndi anthu ngati amenewa. Akakhala pakhomo, miliyoni ya Lilongwe ija ikhala ya pa pepala chabe.

Bambo Phiri (Mbare): Mayi a Chikondi, zimene mwanenazi zandikhudza, chifukwa mlongo wanga ku Dowa akulira chimodzimodzi. Sindikukana kuti kuli njala. Koma tinene chilungamo. A Chakwera analowa m'boma Covid ili pakati. Mu 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, magetsi n'kuvuta dziko lonse. Chaka chomwecho nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza ndi mafuta kulikonse, ngakhale kuno tinaziona. Mu March 2023 Freddy anapha anthu mazanamazana kummwera. Mu 2024 chilala cha El Niño, chimene chinatipwetekanso ife kuno ku Zimbabwe. Ndani akanayendetsa dziko bwino pa zaka zotere? Ndipo pitani ku Lilongwe mukaone misewu. Ine ndinapitako pa Khirisimasi, msewu wa Kenyatta sindinauzindikire.

Mayi a Chikondi (Mufakose): Msewu ndinauona, ndi wokongoladi. Ndinauona bwinobwino chifukwa minibasi yathu inaima pamzere wa mafuta kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sindikutsutsa za namondwe, bambo. Ndikungonena kuti mayi amene akupima ufa ndi kambale safunsa za Ukraine.

Mbewe (Highfield): Eyaa! Nanga kwacha anaigwetsa ndi namondwe? 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023. Ku banki dola ili cha m'ma K1,750 koma kulibe, pa msewu yadutsa K4,000. Ntchito miliyoni imodzi zija zili kuti? Kudya katatu kuja kuli kuti? Nthawi ya Adadi shuga tinkagula osaima pamzere.

Bambo Phiri (Mbare): Nthawi ya Adadi magetsi ankazima tsiku lonse, mwaiwala majenereta aja? Mwaiwala mademo a 2019, anthu miyezi ndi miyezi ali pa msewu chifukwa cha Tippex? Ndipo lero wachiwiri wawo asankha ndani? Mayi Jane Ansah, omwe aja anali wapampando wa MEC pa chisankho chimene khoti linakana. Munthu wa zaka 85, misonkhano wachititsa yowerengeka. Mulungu asalole, koma chitachitika china, dziko litsala m'manja mwa ndani? Anthu akumpoto ndi a m'tauni amene anayenda pa msewu mu 2019 angavomere zimenezo?

Mbewe (Highfield): Msinkhu si matenda. Ndipo kusachititsa misonkhano yambiri si vuto ngati mitengo ya zinthu ikukuchitira kampeni. Za Tippex anthu anaiwala, mimba ndi imene ikukumbukira.

Tadala (Avondale): Ife sitinaiwale ayi. N'chifukwa chake ndikuti onse awiri apume.

Che Mussa (Waterfalls): Salaam abale, ndachedwa, ndinali ku shopu. Mwatchula zigawo zitatu koma kwathu kunyanja mwadumpha, pomwe Mangochi ndi boma limodzi mwa akuluakulu. Mangochi, Machinga, Balaka ndi mbali ya Zomba kale kunali kwa chikasu basi, kuyambira a Bakili Muluzi mu 1994. Mu 2014 a Atupele anapeza pafupifupi 14 peresenti, mu 2019 anatsika osafika 5. Chaka chino aimanso paokha. Ine UDF ndimaikonda, bambo anga anaikidwa m'manda ali a UDF. Koma ndikaimbira achimwene anga ku Namwera akuti phungu avotera wa chikasu, pulezidenti ayi, safuna kutaya voti. Akuti mu 2020 a Atupele eni ake anatiuza kuti tivotere a Mutharika, ndiye dzanja linazolowera. Komanso a Mutharikawo chichokereni m'boma akukhala ku Mangochi komweko, anthu amamuona ngati mnansi. Mayi Joyce Banda atengako ku Zomba, cha ku Domasi ndi Malosa, koma si zambiri.

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Zikomo Che Mussa, mfundo ya kugawa votiyo ndi yofunika. Lachiwiri munthu aliyense apatsidwa mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, ndipo Amalawi anaphunzira kalekale kuchonga mosiyana. N'chifukwa chake aphungu oima paokha amachuluka.

Za kwathu kumpoto ndinene ndekha. Anthu ndife ochepa, koma poti pakati ndi kummwera akufanana mphamvu, ife ndi amene timapendeketsa sikelo. Mu 2019 ambiri tinapita kwa a Chilima, mu 2020 tonse kwa a Chakwera. Chaka chino aliyense akutifunsira. A Chakwera atenga a Vitumbiko Mumba a ku Mzimba, a Kabambe atenga a Mtumbuka, mayi Joyce Banda atenga a Khumbo Kachali, DPP ili ndi a Enock Chihana. Koma pali chinthu china chimene sindingachibise. Ndege ya a Chilima inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kwathu komwe, pa 10 June 2024. Malipoti anatuluka, akuti nyengo inali yoipa, ndipo ine sindikuloza munthu chala. Koma mitima ya anthu ambiri siinakhazikike, makamaka pa mmene kusakasaka kunayendera tsiku lija. Chilonda chimenecho chikalowa nawo m'kachipinda kovotera.

Bambo Phiri, pa mawu anu oyamba aja oti pakati mwana amabadwa akudziwa tambala, kumbukirani 2009. A Bingu wa Mutharika anapeza 66 peresenti, a John Tembo cha m'ma 30, chikhalirecho a Tembo anali ndi a Muluzi kumbuyo kwawo. A Bingu anapeza mavoti kumpoto, kummwera, ndi m'maboma ena a pakati momwe. Chinawapatsa n'chiyani? Makuponi a feteleza ndi nkhokwe zodzaza. Chaka chimenecho Amalawi anaonetsa kuti chimanga chikalankhula, mtundu umakhala chete. Ngati kukhuta kunaswa malire a zigawo mu 2009, njala singathe kuwaswa mu 2025?

Bambo Phiri (Mbare): Aphunzitsi, 2009 ndaikumbukira, mwandigwira pamenepo. Koma a Peter si a Bingu. Ine ndikuonabe kuti palibe afike pa theka ulendo woyamba. Ngakhale kafukufuku wa IPOR wa ku Zomba uja, amene a Mbewe amakonda kutitumizira, akuika a Mutharika patsogolo koma osafika pa 50. Kukakhala chibwereza, tizipani tonseti tidzafuna pokhala, ndipo amene ali m'boma ali ndi zambiri zoti apereke.

Tadala (Avondale): Pa chibwerezapo ndi pamene UTM idzakhale ndi mawu. Ngakhale titapeza 10 peresenti, onse awiri adzabwera kudzagwada.

Che Mussa (Waterfalls): Chibwereza ine ndimachiopa. Amene tinali kuno mu 2008 tikudziwa zimene zinachitika pakati pa March ndi June, a Tsvangirai atatsogola ndi 47.9 a Mugabe 43.2. Malawi si Zimbabwe, koma ndimapemphera kuti amene apambane apambaniretu kamodzi.

Mbewe (Highfield): Apambaniratu, musadandaule. Ndipo ndikupempha nonse amene mumatumiza ndalama kumudzi, mawa muimbe foni. Ine ndauza kale achimwene anga ndi akazi awo kuti ngati akufuna ndipitirize kulipira fizi ya ana, adziwe pochonga. Thukuta langa la kuno silingamathere pa shuga wa mtengo wa golide.

Tadala (Avondale): Inenso amayi ndawauza kuti a Kabambe basi, apo ayi ya mwezi uno asayembekezere.

Gogo Nabanda (Dzivarasekwa): Ana anga, akundilembera ndi mdzukulu wanga, maso anga saona tizilembo timeneti. Wandiwerengera zonse kuyambira mmawa. Za manambala sindilowererapo, aphunzitsi atha. Koma mawu awiri omalizawa andiwawa, ndiye mundilole.

Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi kubwera kuno ku Halale, monga ankatchulira iwo, nthawi ya atsamunda. Anagwira ntchito pa famu ya fodya mpaka mphamvu kutha. Ine ndinabadwira pa famu pomwepo, Malawi ndinakamuona koyamba ndili ndi ana atatu. Mchombo wanga uli m'dothi la dziko lino. Koma pa chitupa changa analembapo kuti ndine mlendo. Lamulo la unzika litasintha mu 2001, anatiuza kuti tikakane unzika wa dziko limene sitinakhalemo n'komwe, apo ayi tichotsedwa m'kaundula. Mu 2002 ndinaima pamzere kuyambira tambala woyamba, nditafika kutsogolo mnyamata wina anayendetsa chala pa buku, n'kundiuza kuti dzina langa mulibe. Anthu kumbuyo anayamba kunong'ona, mabhurandaya, mabwidi, anthu opanda mutupo. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi ngati ndaba. Ku Malawi sindingavote poti sindikhalako, kuno sindingavote poti ndine mlendo. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, wopanda dziko lomufunsa maganizo.

Malamulo atsopano a 2013 ndi amene anatibwezera unzika ife obadwira kuno amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ngakhale apo, kusintha chitupa kunanditengera maulendo anayi, kugona pamzere. Ndinavota mu 2018. Mu 2023 mapepala anachedwa kufika kuno ku Harare, tinadikira mpaka usiku, mdzukulu wanga anandibweretsera mpando ndi bulangeti. Sindinachoke. Chala changa chitadetsedwa ndi inki ndinachiyang'ana njira yonse.

Ndiye ndikamva mwana wanga akuti ndauza mayi anga pochonga, apo ayi ndalama sinditumiza, mtima wanga ukuwawa. Mayi ako ali ndi chinthu chimodzi chokha chimene boma limawafunsa pa zaka zisanu. Iwe uli kuno, nsima ukudya ya kuno, pamzere wa mafuta suimapo, kuchipatala kopanda mankhwala sugonako. Amene akuzimva ndi iwo. Uwauze maganizo ako, inde, mukangane ngati mmene mukukanganira panomu. Koma usawagule ndi fizi ya mwana. Amene ankatichotsa m'kaundula ankatero poganiza kuti akudziwa kumene tivotere. Tisachite zomwezo kwa abale athu.

Tadala (Avondale): Pepani agogo. Sindinaganize motero. Ndiwaimbiranso amayi madzulo ano.

Mbewe (Highfield): Agogo, ndamva. Za fizi ndinalankhula ndi mkwiyo, ana sindingawasiye. Koma mundimvetsenso. Ndinabwera kuno mu 2021, ndimasoka zovala pa khonde la shopu ya munthu, lendi ndimalipira madola. Kale ndikatumiza $50 pa Mukuru inkagula thumba la chimanga, sopo, mchere, n'kutsalako ya chigayo. Chaka chino mu February achimwene anandiimbira kuti thumba kwathu lafika K100,000. Ndiye ngakhale ndili kuno, chisankhochi chikundikhudza m'thumba mwanga momwe. Chimene chimandipweteka n'choti ndalama zathu dziko limazilandira ndi manja awiri, koma voti yathu ayi. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili mu Harare momwemuno. Anzathu a ku Mozambique amavotera kuno, ife chimatiletsa n'chiyani?

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Pamenepo ndikugwirizana nanu, a Mbewe. Lamulo lathu limafuna kuti ulembetse ndi kuvota uli m'dzikomo, pamalo pamene unalembetsera. Taganizani Amalawi amene ali ku Johannesburg, Cape Town, Durban, kuno, ku Lusaka. Ambiri ndi anyamata a zaka za m'ma 20 ndi 30 ochokera ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay, Machinga. Ena mwa achinyamata amene Tadala akuwasowa m'kaundula aja ali kumeneko, akutsuka magalimoto ndi kulima maluwa m'mayadi a anthu. N'chifukwa china chimene amayi achulukira pa mndandanda. M'midzi ina ya ku Mzimba ukafika upeza amayi, ana ndi nkhalamba basi.

Mayi a Chikondi (Mufakose): Ndi zimene ndimanena zija. Ndipo musaganize kuti amayi amenewo amangomvera amuna awo a ku Joni. Mu basi yobwerera kuno, titadutsa Zobue, ndinakhala ndi mayi wina wa ku Balaka wogulitsa usipa. Anandiuza kuti mwamuna wake amamuimbira tsiku lililonse kumuuza chipani. Iye amangoti inde bambo, inde bambo. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti, m'kachipinda muja ndimalowa ndekha.

Che Mussa (Waterfalls): Chimene ndaona ine n'chakuti kuno ndi kwathu zimasiyana. Kuno mzere umadula pakati pa tauni ndi kumudzi. Harare ndi Bulawayo amavotera otsutsa, kumidzi chipani cholamula, n'chifukwa chake mu 2023 a Mnangagwa anapeza 52.6 a Chamisa 44 chikhalirecho m'tauni muno ukanafunsa anthu ukanati zitembenuka. Kwathu mzere umadula chigawo ndi chigawo. Ndiye ife okhala m'tauni tisamale, zimene timamva kwa anzathu a pa WhatsApp si dziko lonse. Anthu opitirira 80 pa 100 ku Malawi amakhala kumudzi.

Bambo Phiri (Mbare): N'chifukwa chake ine sindinataye mtima. Kumudzi kwathu anthu amadandaula chaka chonse, koma tsiku likafika, mfumu ikalankhula, nyimbo za chipani zikamveka, mwendo umene unkakana uja umanyamuka. Apongozi anu aja, Mayi a Chikondi, ine ndikuti apita, ndipo achonga pa tambala.

Mayi a Chikondi (Mufakose): Mwina apitadi. Koma ana awo aakazi awiri, amene Kamuzu sanamuone, anandiuza mosabisa kuti ulendo uno ayesa kwina. Ndipo amenewo ndi a ku Dowa, osati ku Thyolo.

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Ngati zili choncho m'nyumba zambiri, ndiye kuti nkhani yakula kuposa miliyoni ya a Chilima ija. A Mutharika safunika kupambana chigawo chapakati. Akangotolako voti imodzi pa zinayi zilizonse ku Lilongwe, Salima, Nkhotakota ndi Dedza, n'kutenga Ntcheu kumene mayi Ansah amachokera, kumpoto n'kugawana, theka lija alidutsa. A Chakwera kuti apulumuke afunika anthu a pakati atuluke mwaunyinji ngati 2020, komanso a Kabambe, a Atupele ndi mayi Joyce Banda adye mavoti ambiri kummwera. Zinthu ziwirizi zichitike pamodzi. Zotsatira zikayamba kutuluka, ine sindiyang'ana Thyolo kapena Ntchisi. Ndiyang'ana Lilongwe City, Mzimba, Ntcheu ndi Mangochi, komanso kuti ku Dowa ndi Kasungu kwatuluka anthu angati.

Tadala (Avondale): Ndiye mukuti a Kabambe alibe mwayi n'komwe?

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Wopambana ayi, mwana wanga, osati chaka chino. Akadutsa 10 peresenti ndidzakuimbira ndekha kukupepesa.

Mbewe (Highfield): Ine ndikuti 55 ulendo woyamba. Lembani penapake.

Bambo Phiri (Mbare): Ndalemba. Ine ndikuti chibwereza. MEC ili ndi masiku 8 oti ilengeze za pulezidenti, ndiye pofika pa 24 tidzakhala titadziwa. Ndikupempha chinthu chimodzi monga wapampando: masiku amenewo pasapezeke wotumiza pano zotsatira za m'maluwa. Tidikire a Mtalimanja, wapampando wa MEC, alengeze okha. Mu 2019 mauthenga abodza anatsala pang'ono kutiphwasulira sosaiti.

Mayi a Chikondi (Mufakose): Ine ndinalembetsa chaka chatha pamene ndinapita kukakhuza maliro a malume, ndiye ndikupita kukavota. Ndinyamuka mawa m'bandakucha, kudzera Nyamapanda ndi Tete, ndikalowera pa Dedza. Amene ali ndi kakatundu kakang'ono ka ku Lilongwe kapena Dowa abweretse kunyumba isanakwane 8 koloko usiku uno. Zolemera ayi, chikwama chadzaza kale.

Aphunzitsi Gondwe (Mabelreign): Muyende bwino mayi. Akamaliza kuwerenga pa senta yanu amamata pepala la zotsatira panja. Mukalijambule mutitumizire, tione anthu angati analembetsa ndi angati anabwera.

Bambo Phiri (Mbare): Ndituma mnyamata ndi mankhwala a BP a mlongo wanga, ndi kaenvulopu. Mukawapatse pa Mponela, adzabwera okha kudzatenga. Musawafunse za voti, agogo atiuza kale.

Gogo Nabanda (Dzivarasekwa): Mwana wanga, ukamadutsa pa Dedza undiyang'anireko phiri lija. Ndipo apongozi akowo, ngati mwendo ukuwavutadi, uwaperekeze.